Ndikufuna kudzipereka kosamalira nyama zokwawa, koma amayi akukana

Wophunzira wa ku Bunda

Makolo ndi abale anga nonse a pa gulu lino, landirani moni. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo kwa masabata awiri, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mwaona zambiri kuposa ine. Mwezi watha, ndili panjira yochokera ku Mitundu, ndinapeza anyamata awiri m'mbali mwa msewu akugulitsa kamba wamkulu ndithu, wa chigoba cha mawangamawanga ngati a kambuku. Chigobacho anali atachiboola chakumbuyo ndi msomali wamoto n'kupisamo waya kuti asathawe, ndipo pabowopo pankatuluka mafinya. Mtima unandipweteka, ndinawapatsa ndalama yomwe ndinali nayo, kambayo n'kumuika m'katoni. M'mawa mwake ndinapita naye ku Lilongwe Wildlife Centre, malo aja ali m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, komwe amalandira nyama zakutchire zovulala ndi zolandidwa kwa ozembetsa.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuganiza zopempha mwayi woti ndizikathandiza ngati volontiya pa nthawi ya tchuthi, ndipo chomwe mtima wanga ukufuna kwenikweni ndi mbali ya nyama zokwawa: akamba, njoka, ang'azi ndi abilimankhwe. Anyani ndi agwape ali ndi owakonda ambiri, koma zokwawa aliyense amazithawa kapena kuzigenda. Vuto ndi lakuti amayi anga akanitsitsa. Akuti ndidzafa ndi njoka, komanso akuti mwana wamkazi wogwira njoka anthu adzamutcha mfiti ndipo sadzapeza banja. Sindikufuna kuwanyoza, komanso sindikufuna kusiya chinthu chomwe ndikuona kuti ndi chabwino. Kodi alipo pano amene anagwirapo ntchito yotereyi kuti andiuze mmene imakhalira, osabisa kuopsa kwake?

Woyang'anira gulu

Mwafika pabwino achemwali. Tili nawo abambo athu a ku Hoedspruit, ku South Africa, omwe akhala akugwira ntchito imeneyi kwa zaka zingapo, ndiye ndikuwapempha kuti ayambe ndiwo. Enanso amene muli ndi maganizo otsutsa musachite manyazi, bola tilemekezane.

Bambo a ku Hoedspruit

Zikomo a woyang'anira. Mwana wanga, ine ndimakhala kuno ku Limpopo, kufupi ndi nkhalango ya Kruger, komwe ndimagwira ntchito yosamalira maluwa pa malo ena ogona alendo, ndipo masiku anga opuma ndimakathandiza pa malo aang'ono osungirako zokwawa zopulumutsidwa. Chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi. Choyamba chomwe ndikuuze, chomwenso ukawauze amayi ako, ndi chakuti ntchito ya volontiya si yogwira njoka. Chaka changa choyamba chonse sindinakhudzeko njoka yaululu ngakhale imodzi, ndipo sanandilole n'komwe kuima pafupi pamene khola lake likutsegulidwa. Zida zanga zinali ndowa, burashi, tsache, sikelo ndi kope.

Tsiku limayamba ndi kuzungulira makola onse usanakhudze kalikonse. Umayang'ana ngati nyama iliyonse ilimo, mmene yagonera, ngati yamwa madzi, ngati yachita chimbudzi, ndiponso umawerenga choyezera kutentha n'kulemba m'kope. Zimenezi zimaoneka zazing'ono, koma zokwawa sizipanga kutentha kwa thupi lawo ngati ife, zimadalira dzuwa ndi nthaka. Khola lililonse liyenera kukhala ndi mbali yofunda ndi mbali yozizira kuti nyama izisankha yokha. Njoka ikadya kenaka n'kuzizidwa, chakudya sichigayika, chimaola m'mimba kapena imachisanza. Kuno mwezi wa June ndi July kumazizira kwambiri usiku, ndiye babu limodzi lofunditsa likapsa osaliona, m'mawa ukhoza kupeza nyama itadwala.

Ukatha kuzungulira umayamba kutsuka. Umachotsa ndowe, umatsuka mbale za madzi, umasintha udzu kapena mapepala oyala pansi, ndipo zida za khola lina suzigwiritsa ntchito pa khola lina usanazitsuke ndi mankhwala. Pali tinthata tating'ono takuda tomwe timabisala pansi pa mamba a njoka n'kumayamwa magazi, ndipo tikalowa m'chipinda chimodzi timafalikira makola onse. Manja umasamba ndi sopo nthawi iliyonse, chifukwa zokwawa zambiri zimakhala ndi tizilombo ta salmonella m'matumbo, tomwe kwa izo sitivuta koma kwa munthu timatsegula m'mimba koopsa. Kunena zoona, volontiya watsopano ali pa chiopsezo chachikulu cha kutsegula m'mimba kusiyana ndi kulumidwa.

Chomwe chimanditengera nthawi yambiri ndi akamba, ndipo ambiri mwa iwo amabwera atavulazidwa ndi anthu omwe ankaganiza kuti akuwachitira zabwino. Munthu amatola kamba kutchire n'kumusunga kuseri kwa nyumba pa simenti, kumamupatsa buledi, kabichi ndi zotsala za m'mbale. Kamba wa mtundu womwe unapezawo chakudya chake ndi udzu ndi zomera zakutchire, ndipo amatafuna ngakhale mafupa akale kuti apeze kashiamu. Akasowa dzuwa lenileni ndi kashiamu chigoba chimafewa, chimamera timapiri, miyendo imalephera kunyamula thupi. Chigoba si nyumba yomwe kamba anangolowamo ayi. Ndi fupa lamoyo, lolumikizana ndi msana ndi nthiti, lokhala ndi magazi ndi mitsempha, choncho msomali uja anaumva monga iwe ungamvere utabooledwa fupa. Ena amabwera atagundidwa ndi galimoto, ena atatafunidwa ndi agalu, ena atapsa ndi moto wolusa. Dokotala wa zinyama amalumikiza chigobacho, koma kupola kwake kumatenga miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka, ndipo wotsuka chilonda tsiku ndi tsiku n'kumamuyeza pa sikelo sabata iliyonse ndi volontiya. Zokwawa sizilira, sizibuula, sizionetsa kuti zikumva kupweteka. Nthawi zambiri chomwe chimatiuza kuti nyama ikudwala ndi manambala a m'kope aja, akayamba kutsika pang'onopang'ono. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi ndi yomweyo.

Mlimi wa ku Nsanje

Ndawerenga zonsezi mwachifatse, ndipo ndikupempha kuti mundikhululukire, chifukwa ine ndili kumbali ya amayi ake a mtsikanayu. Inu mukukamba za kutsuka chilonda cha kamba, ife kuno kuchigwa tikuika maliro. Mtsinje wa Shire ndi dambo la Elephant Marsh ndi momwe timapha nsomba, kutunga madzi ndi kuwolokera kumadimba, ndipo ng'ona ili momwemo. Mwana wa mlongo wanga anagwidwa mwendo akuvuula ukonde, anapulumuka chifukwa anzake anamenya ng'onayo ndi nkhafi, koma lero akuyendera ndodo ndipo sangathenso kupalasa bwato. Madzi atasefukira ndi namondwe Freddy mu March 2023, njoka zinkakwera pa zitunda zomwezo zomwe anthu anathawirapo, ndipo tinkagona tikusinthana kulondera ana.

Ndiye ndikamva kuti pali malo omwe njoka imagulidwa babu loti ifunde usiku, pamene mudzi wathu ulibe magetsi ndipo wolumidwa timamunyamula pa njinga ulendo wa maola awiri, mtima wanga sukhala m'malo. Sindikunena kuti mtsikanayu ndi woipa, ali ndi chifundo ndithu. Funso langa ndi lakuti, mwana wophunzira ngati ameneyu, yemwe makolo avutika kumulipirira, bwanji mphamvu zake asaziike pothandiza anthu?

Namwino wa ku Chikwawa

Achimwene a ku Nsanje, pepani kwambiri za mwana wa mlongo wanu. Zomwe mwanenazo ndimaziona ndi maso anga, makamaka nyengo ya mvula pamene anthu ali m'minda ndipo njoka zili paliponse. Ndipo si kwathu kokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 5.4 miliyoni amalumidwa ndi njoka chaka chilichonse, ndipo omwalira ali pakati pa 81,000 ndi 138,000, osawerengera odulidwa miyendo ndi manja. Mu 2017 bungweli linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha, ndipo mu 2019 linakhazikitsa cholinga chochepetsa imfa ndi kulumala ndi theka pofika 2030. Mawu akuti onyalanyazidwa ndi oona, chifukwa olumidwa ndi alimi, abusa a ziweto ndi ana a kumudzi.

Komabe ndikufuna ndikuuzeni chomwe chimandipweteka kwambiri pa wodi. Ambiri mwa odwala anga chomwe chimawaononga si ululu wokha, koma zomwe zinachitika m'maola oyamba. Wolumidwa ndi mphiri amatupa mwendo wonse chifukwa ululu wake umaononga mnofu. Abale, pofuna kuthandiza, amamanga mwendowo ndi mphira mwamphamvu, amatema mphini, ena amayamwa pachilonda, ena amaikapo mwala wakuda uja. Akamafika kwa ife patatha tsiku limodzi kapena awiri, mwendo umakhala utada kale, ndipo dokotala sangachitire mwina koma kuudula. Njoka yolavula ija imalowa m'nyumba usiku kufunafuna makoswe ndi achule, imaluma munthu ali m'tulo pamphasa, ndipo ikalavulira m'maso chofunika ndi kutsuka ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, osati kuthiramo zitsamba. Mamba wakuda ndiye wina: chilonda sichioneka choopsa, koma zikope zimayamba kugwa, malovu amachuluka, kenaka munthu amalephera kupuma, choncho mphindi iliyonse yotayidwa panjira ndi moyo.

Mankhwala olimbana ndi ululu amapangidwa kuchokera m'magazi a akavalo omwe amabayidwa ululu pang'onopang'ono, ndipo ululuwo amaukama kwa njoka zamoyo zosungidwa m'makola. Ndi okwera mtengo, munthu mmodzi amafuna mabotolo angapo, ndipo amaperekedwa kuchipatala kokha kudzera m'diripi, chifukwa thupi la ena limawakana mwadzidzidzi moti namwino ayenera kukhala ndi jakisoni wa adrenaline pafupi. Ndiye taonani achimwene, mankhwala omwe tikufuna kuti afike ku Nsanje sangakhalepo popanda anthu odziwa kusunga njoka. Ndiponso ine ndinaphunzira unamwino, koma kusiyanitsa njoka sindinaphunzitsidwe mokwanira. Munthu wodziwa njoka za m'dera lathu, wolankhula Chichewa ndi Chisena, woti angaime pamsonkhano wa mfumu n'kufotokoza kuti musamange, musateme, vulani mphete ndi zibangili, musataye nthawi kusaka njokayo, thamangirani kuchipatala, pisirani neti pansi pa mphasa, yendani ndi tochi usiku, munthu ameneyo angapulumutse miyendo yambiri kuposa yomwe ine ndimapulumutsa. Anthu otere ndi ochepa kwathu kuno, ndipo malo omwe angaphunzirire ndi omwe mtsikanayu akufuna kupitawo.

Bambo a ku Hoedspruit

Amayi anamwino mwanena zomwe ine sindikanatha kuzinena bwino. Achimwene a ku Nsanje, pa nkhani ya ng'ona sindikutsutsani. Ng'ona yomwe yazolowera kugwira anthu padooko si ntchito ya volontiya, ndi ntchito ya nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo mudzi uli ndi ufulu wodandaula mpaka thandizo libwere. Palibe aliyense pa malo athu amene anganene kuti ng'ona iposa mwana wa mlongo wanu.

Pa njoka ndiye ndikuuzeni zomwe ndaona. Nditatha chaka ndi theka ndinakachita maphunziro a kagwiridwe ka njoka ndi bungwe la African Snakebite Institute, lomwe amatsogolera a Johan Marais, ndipo pambuyo pake ndinayamba kutsagana ndi akuluakulu anga kukachotsa njoka m'nyumba za anthu. Foni ikalira timanyamula ndodo ya ngowe, chopanira chachitali, chidebe chokhala ndi chivundikiro cholimba, ndi magalasi otchinga maso. Njoka yaululu sitiigwira ndi manja. Timaikweza pa ngowe, kuilowetsa m'chidebe, kutseka, n'kukaitaya kutchire kutali ndi nyumba. Nthawi zambiri tikafika timapeza kuti si yaululu n'komwe, ndi kanjoka kofiirira ka m'nyumba komwe kamadya makoswe. Ndipo anthu ambiri omwe ndawaona atalumidwa padzanja, analumidwa pofuna kupha kapena kugwira njoka. Woitana wochotsa njoka amapulumutsa njokayo, koma choyamba amapulumutsa dzanja lake.

Kuopsa kulipo, mwana wanga, sindikubisire. Mnyamata wina yemwe tinkathandiza naye anaona kanjoka kakang'ono kakuda katatuluka m'nthaka mvula itagwa, anaganiza kuti ndi kopanda ululu, n'kukagwira kuseri kwa mutu monga anaonera pa vidiyo. Kanali kanjoka kamene kuno amakatcha stiletto, komwe mano ake amatulukira m'mbali mwa kamwa ngakhale kamwalo lili lotseka, moti palibe kagwiridwe kotetezeka ndi zala. Kanamubaya chala chachikulu, ndipo njoka imeneyo ilibe mankhwala ake. Sanamwalire, koma anamva ululu wosaneneka ndipo nsonga ya chalacho inatha. Chomwe chinamulumitsa ndi kudzimva kuti wadziwa, atangokhala miyezi inayi.

Agogo aphunzitsi opuma a ku Dedza

Mdzukulu wanga, ine ndilankhule za amayi ako, chifukwa anzangawa akambapo za nyama ndi za chipatala koma nkhawa yachiwiri ija palibe waikhudza. Amayi ako sakunama kuti anthu adzalankhula. Ndinaphunzitsa zaka zambiri m'sukulu za kumudzi ndipo ndikudziwa kuti munthu wosaopa njoka amamukayikira. Koma usalole kuti wina akuuze kuti chikhalidwe chathu chimangodziwa kupha njoka, chifukwa nkhani yake ndi yotakata kuposa pamenepo. Ku Khulubvi, kwawo kwa achimwene athu a ku Nsanjewa, amakhulupirira kuti mzimu wa Mbona umabwera ngati nsato kudzacheza ndi mkazi wake Salima. Ku Msinja, pa kachisi wa mvula wa Makewana, kunali Thunga, njoka yopatulika. Makolo athu ankaopa nsato, inde, koma kunali kuopa kwa ulemu, ndipo sinkaphedwa mwachisawawa.

Yemwe analandira chidani chosamuyenera ndi bilimankhwe. Tonse tinakula ndi nthano ija yoti Chauta anamutuma kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, koma chifukwa cha kuyenda monyang'wa anapitiriridwa ndi buluzi, yemwe anafika msanga ndi uthenga woti imfa ndi yamuyaya. Tili ana tinkamugwira ndi ndodo n'kumuthira fodya m'kamwa kuti afe, ndipo ndikakumbukira lero ndimamva chisoni, chifukwa kanyamako kalibe ululu, kamangodya ziwala ndi ntchentche.

Malangizo anga ndi awa. Usapite kwa amayi ako ndi mfundo za m'kalasi ngati ukukawagonjetsa pa mtsutso, chifukwa mayi woopa kuika mwana wake m'manda sagonja ndi mfundo. Uyambe wakawauza amalume ako, akhale pansi nonse atatu. Uwafotokozere zomwe anena abambo a ku Hoedspruit, zoti ntchito ndi ya ndowa ndi kope. Ndipo ngati n'kotheka uwatenge akaone okha malowo ndi anthu ogwira ntchito kumeneko, aone kuti ndi ana a anthu, ovala yunifolomu, opemphera ngati iwo omwe.

Mayi a ku Mulanje

Agogo mwatchula bilimankhwe, ndiye ndilowererepo, popeza amuna anga amaperekeza alendo okwera phiri ndipo ambiri amabwera kudzafuna tinyama timeneti. Kuno ena timati nadzikambe, ndipo akatswiri a sayansi anatenga dzina lomwelo n'kutcha mtundu wina wa m'nkhalango za phiri la Mulanje kuti Nadzikambia mlanjensis, womwe supezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Achimwene a ku Nsanje, kwanunso kuli chuma chotere. M'timagawo ta nkhalango totsala pa mapiri a Malawi Hills muli kabilimankhwe kakang'ono kosaposa chala, kotchedwa Rhampholeon chapmanorum, komwe kanalembedwa koyamba mu 1992. Nkhalango itadulidwa kwambiri akatswiri ankaopa kuti kanatha, koma mu 2016 anakakapezanso kali moyo, ndipo kali m'gulu la nyama zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Ofufuza za tinyama timeneti nthawi zambiri amachokera kunja, pamene ana athu amene anabadwira m'tsinde mwa mapiri omwewo sanapatsidwe mwayi wophunzira.

Koma achemwali a ku Bunda, pali chinthu chimodzi chomwe ndiyenera kukudzudzulani mwachikondi. Simunayenere kugula kamba uja. Mtima wanu unali wabwino, koma anyamata aja aphunzira kuti kamba wovulala amagulidwa msanga, ndipo mawa akatola wina. Komanso lamulo losamalira nyama zakutchire, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, sililola kugula, kugulitsa kapena kusunga nyama zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Ulendo wina mudzadziwitse a nthambi ya zinyama zakutchire kapena a malo munapita aja, iwo ndi amene ali ndi njira yolandira nyamayo popanda ndalama kusinthana manja.

Wophunzira wa ku Bunda

Amayi a ku Mulanje, ndalandira chidzudzulo chanu ndipo ndachita manyazi, chifukwa za anyamata aja kukatola wina sindinaziganizire n'komwe. Agogo, mawa ndiimbira amalume. Bambo a ku Hoedspruit, ndili ndi funso lina. Kamba uja chilonda chake chikapola, kodi n'chifukwa chiyani sangangotengedwa n'kukasiyidwa m'tchire lililonse lapafupi? Ndipo nkhani ya ndalama imakhala bwanji, popeza ndamva kuti mavolontiya ena amachita kulipira?

Bambo a ku Hoedspruit

Funso loyambalo ndi lomwe limasiyanitsa malo opulumutsira nyama ndi malo ongoonetsera nyama. Cholinga chathu n'chakuti nyama ibwerere kutchire, ndipo khola lopanda kanthu ndiye chisangalalo chathu. Koma kubweza kuli ndi ndondomeko. Nyama yatsopano imayamba yakhala pambindikiro, payokha, kwathu kuno miyezi itatu, ndowe zake zikuyezedwa ngati muli njoka za m'mimba, ndiponso tikuyang'ana mphuno ndi maso. Akamba omwe asungidwa ndi anthu amatha kutenga matenda a m'mphuno ndi m'mapapo, ndipo ukamasula mmodzi wodwala ukhoza kupatsira akamba onse a m'tchire limenelo, amene sadzaonedwa ndi dokotala aliyense. Chachiwiri, kamba amadziwa dera lake, komwe kuli madzi ndi kobisala. Ukamusiya kwachilendo amayamba kuyenda kufunafuna kwawo, amawoloka misewu, ndipo ambiri amathera pansi pa matayala. N'chifukwa chake funso loyamba lomwe timafunsa wobweretsa nyama ndi lakuti mwaitola pati. Ngati ukukumbukira pomwe unakumana ndi anyamata aja, kawauze omwe akumusamalira, zidzawathandiza. Timadikiranso nyengo yabwino, mvula itayamba ndipo msipu utaphuka.

Pali mwambi uja woti kamba amanyerera amene wam'tola. Ndinadzamvetsa chiyambi chake nditayamba ntchito ino. Kamba amasunga madzi m'thupi oti amuthandize m'chilimwe, ndipo akanyamulidwa, chifukwa cha mantha, amawataya onse. Ife timapukuta malaya n'kumapita, koma iye watsala wopanda nkhokwe yake pakati pa October. Choncho ukapeza kamba wabwinobwino kutchire, musiye. Akakhala pamsewu, muwolotse chapansipansi kulowera komwe amapita.

Si onse amabwerera. Tili ndi njoka ndi abuluzi ochokera kumaiko ena, omwe anthu anagula m'sitolo ali aang'ono n'kutopa nawo atakula, ndipo amenewo sitingawamasule m'tchire la kuno chifukwa si kwawo. Ena amafa m'manja mwathu titawasamalira miyezi. Komanso njoka zimadya makoswe, omwe timawasunga m'firiji atafa kale n'kuwasungunula tsiku lodyetsa, chifukwa khoswe wamoyo amatha kuluma njoka yodwala mpaka kuivulaza. Ngati zimenezi mtima wako sungazipirire, ndi bwino udziwiretu.

Za ndalama, n'zoona kuti m'malo ambiri otere alendo ochokera kunja amalipira kuti adzathandize kwa masabata angapo, ndipo ndalama zimenezo ndi zomwe zimagula chakudya ndi mankhwala a nyama. Iwe ulembe kalata yofotokoza kuti ndiwe wophunzira wa m'dziko momwemo, unene zomwe ukuphunzira ndi masiku omwe ungapezeke, ndipo ufunse ndondomeko yawo ya ophunzira. Uwerengeretu ndalama ya minibasi ndi chakudya chamasana, chifukwa anzathu ambiri amasiyira panjira pa chifukwa chimenecho. Usalonjeze masiku asanu ngati ungakwanitse awiri. Ndipo akakuika kodula zipatso za anyani m'malo mwa akamba, usakane, chifukwa malo ngati amenewo amalandira nyama zamitundumitundu ndipo amayamba aona kaye ngati munthu amafika pa nthawi yake.

Namwino wa ku Chikwawa

Ndiwonjezere pang'ono monga mayi. Mwana wanga, tsiku lomwe adzakuuze kuti wakonzeka kuyandikira njoka zaululu, kaya ndi chaka chamawa kaya ndi liti, udzafunse mafunso atatu usanavomere: wolumidwa amapita naye chipatala chiti, galimoto ndi woyendetsa zimakhalapo nthawi zonse kapena ayi, ndipo mankhwala a ululu wa njoka zomwe akusungazo ali kuti. Mankhwala amodzi sagwira njoka zonse. Omwe amagwiritsidwa ntchito pa mphiri ndi mamba sathandiza pa njoka ya m'mitengo ija yotchedwa boomslang, yomwe ili ndi akeake. Usadzagwirenso ntchito imeneyo uli wekha m'chipinda, kapena utatopa. Pakadali pano kabayitse katemera wa kafumbata, popeza zilonda za waya, misomali ndi zikhadabo za ng'azi ndiye uzikumana nazo kawirikawiri.

Mlimi wa ku Nsanje

Pa ng'ona maganizo anga sanasinthe, ndipo sadzasintha mpaka tidzakhale ndi mijigo yokwanira kuti amayi asamatsikire kumtsinje. Za kabilimankhwe ka kumapiri kwathu sindinkazidziwa, ndipo ndikafunsa akuluakulu a kumeneko ngati amakaona. Zomwe anena anamwino za kumanga ndi mphira zandikhudza, chifukwa ine ndemwe ndinamangapo mnzanga mwendo motero, ndikuganiza kuti ndikumupulumutsa. Ndikazinena ku msonkhano wa komiti ya mudzi Lachisanu.

Tsopano bambo a ku Hoedspruit, ndiyankheni ichi. Pali nsato yomwe yandidyera nkhuku zitatu mwezi uno, ndipo ana aiona ikulowa m'una wa pachulu kuseri kwa dimba. Wochotsa njoka kuno kulibe. Anyamata akufuna kuthira petulo kuunako n'kuyatsa. Inu mukanatani?

Bambo a ku Hoedspruit

Achimwene, petulo ayi, chonde. Moto umenewo ukhoza kupsereza anyamatawo ndi dimba lomwe. Nsato ilibe ululu, koma ili ndi mano ambiri opindikira m'kati ndipo yaikulu imang'amba mnofu moti munthu amafunika kusokedwa, choncho ana asayandikire unawo ndipo wina asayese kuikoka. Ngati ikubwerera pa una womwewo tsiku ndi tsiku n'kumaothera dzuwa pakhomo pake, ikhoza kukhala yaikazi yomwe ili ndi mazira. Nsato ya kuno kummwera kwa Africa imazinga mazira ake mpaka aswe, ndipo a Graham Alexander a ku yunivesite ya Wits anapeza kuti imakhalanso ndi ana ake pafupifupi masabata awiri ataswa, kenaka onse amabalalika. Komatu yofungatira mazira kawirikawiri siidya, ndiye yomwe ikutenga nkhuku ikhoza kukhala ina, kapena chilombo china. Muone m'mawa ngati pali mkukuluzi wa njoka kapena mapazi pafupi ndi khola.

Chomwe mungachite lero ndi kukonza khola. Likhale lokwera, mipata yonse yomwe mungapisemo zala ziwiri itsekedwe ndi waya wa maso aang'ono kapena nsungwi zolukidwa mothinana, chitseko chizitsekedwa dzuwa lisanalowe, ndipo udzu ndi milu ya zinyalala zozungulira zichotsedwe, chifukwa zimasunga makoswe ndipo makoswe ndiwo amaitana njoka. Kenaka kauzeni amfumu kuti adziwitse ofesi ya zinyama zakutchire ya m'dera lanu. Mukatha kujambula chithunzi muli patali, chiikeni pano kuti titsimikize kuti ndi nsatodi.

Wophunzira wa ku Bunda

Makolo anga, ndabweranso patatha masiku asanu kuti ndikuuzeni pomwe nkhani yafika. Amalume anabwera Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ndipo tinakhala pansi monga munanenera agogo. Ndinawawerengera amayi zomwe analemba anamwino ndi abambo a ku Hoedspruit, kuphatikizapo za mnyamata wa chala uja, sindinadumphe. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anatiuza chinthu chomwe ine sindinkachidziwa, choti mng'ono wawo anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi atalumidwa akutola nkhuni, ndipo anamumanga mwendo ndi luzi n'kugona naye kunyumba usiku wonse kudikira kuti kuche. Amalume anagwetsa misozi, chifukwa iwo ndi amene anamubereka kumsana m'mawa mwake.

Sanavomere zonse. Anena kuti akamba ndi abilimankhwe alola, koma njoka zaululu ndisaziyandikire mpaka nditamaliza sukulu, ndipo ndawalonjeza pamaso pa amalume. Kalata ndalemba ndipo ndaitumiza dzulo, ndaikamonso dera lomwe ndinakumana ndi anyamata aja. Katemera wa kafumbata ndikabayitsa Lachinayi. Amayi akuti Loweruka tipitire limodzi akaone malowo ndi maso awo, ndipo andifunsa ngati kamba uja angaloledwe kumuona ngakhale ali pambindikiro. Ndawauza kuti mwina sangatilole, koma tikafunsa pachipata.